MAU A MKONZI: SIKELO IKHALE IMODZI PA MALIRE

Abale ndi alongo a Nthambi ya Naisi,

Nkhani imene tifuna kukamba nanu m'kalata ino ndi ya chakudya chimene chimalowa m'dziko muno kuchokera kunja, ndiponso ya mankhwala ophera tizirombo amene amadza nacho pamodzi. Ena adzati imeneyi ndi nkhani ya anthu a m'tauni, ogula maapozi m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre. Iai ndithu. Nkhaniyi ndi yathu ife a kumudzi koposa wina aliyense, pakuti ikafika miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ndife amene timanyamula kathumba kupita ku Songani, ku Chinamwali kapena ku msika wa Zomba kukagula chimanga chimene sitinalime. Mwini munda sitimdziwa, kumene anachiyanika sitikudziwa, ndipo chimene anathiramo pochisunga sitichidziwa.

M'zaka za njala chimanga chambiri cha pa misika imeneyi chimakhala chodutsa malire. China chimachokera ku Mozambique, kulowera ku Chiponde, ku Nayuchi, ku Muloza, kapena m'tinjira ta njinga timene tiribe chipata. China chimadza pa malole kuchokera ku Zambia ndi ku Tanzania. Si chimanga chokha: mpunga wina, anyezi ena, mafuta ophikira, tirigu wa ufa umene amayi amakazingira mandasi, mbewu zina za kudimba ndi mankhwala opopera, zambiri mwa izi ndi zachilendo. Tsono funso lathu ndi limodzi: kodi ndani amazipima zisanafike m'mbale ya mwana wa ku Naisi?

Mau athu ndi awa. Pamene ife titumiza mtedza, tiyi kapena fodya ku Ulaya, eni ake amapima ndi sikelo yosanyengerera, ndipo chimene chalephera amachibweza. Ife sitiwada chifukwa cha ichi, pakuti akusamala anthu ao. Chimene tifuna ndi chakuti sikelo yomweyo iimenso pa malire athu, ipime cholowa monga ipima chotuluka. Mimba ya Mmalawi si dzala lotayirapo zimene ena akana.

PHUNZIRO LA KU IRAQ

Tiyambe ndi nkhani ya kutali, pakuti akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe. M'chaka cha 1971 Boma la dziko la Iraq, pofuna kuthandiza alimi ake chilala chitawapweteka, linaitanitsa mbewu ya tirigu ndi barele kuchokera ku Mexico ndi ku America, matani oposa 90,000. Mbewu imeneyi inali yobzala, osati yodya, ndipo inali yopakidwa mankhwala okhala ndi mercury kuti isaole m'nthaka. Oitumiza anaipaka utoto wofiirira kuti anthu aizindikire, nalembanso chenjezo pa matumba. Koma chenjezolo linali m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi, zinenero zimene mlimi wa ku Iraq sawerenga. Matumba ena anali ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa, koma anthu a kumidzi sanadziwe tanthauzo lake. Kuonjeza pamenepo, mbewuyo inafika mochedwa, ambiri atabzala kale.

Tsono taganizani inu eni: m'nyumba muli thumba la tirigu, nyengo yobzala yapita, ana afuna kudya. Amayi anatsuka tiriguyo, utoto unachoka, nayesa kuti poizoni wachokera limodzi. Ena anayamba apatsako ziweto, ziwetozo sizinafe tsiku lomwelo, nati chakudya chiri bwino. Anapera ufa naphika buledi. Patapita masabata angapo manja ndi miyendo zinayamba dzanzi, anthu anayamba kudzandira ngati oledzera, ena anachita khungu, ena analephera kulankhula. Ogonekedwa m'zipatala anakwana 6,530, ndipo 459 anafera momwemo. Amene anafera kumidzi osafika ku chipatala sali m'chiwerengero chimenechi.

Abale, kodi nkhaniyi ndi yachilendo kwa ife? Kodi sitiidziwa mbewu ya chimanga ya m'mapaketi, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira? Kodi sitidziwa maganizo amene amamfikira munthu pamene mbewu yatsala, mvula yadula, ndipo m'nyumba mulibe ufa? Mankhwala opaka mbewu masiku ano si a mercury aja, komabe ndi poizoni, ndipo madzi amachotsa utoto wokha. Anthu a ku Iraq sanali opusa. Anali ndi njala, ndipo chenjezo linalembedwa m'chinenero cha eni. Zinthu ziwiri zimenezi tiri nazo kuno.

M'MENE AMAPIMIRA MTEDZA WATHU

Tsopano tione m'mene anzathu amachitira ndi katundu wathu. M'chaka cha 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England. Atafufuza anapeza kuti zinadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, umene unagwidwa ndi chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni amene akatswiri anamutcha aflatoxin. Saoneka ndi maso, ndipo saphedwa ndi moto wa pa mafuwa. Mungaphike nsima kapena phala mpaka kutiwa, iye ali momwemo. Akachuluka amapha m'masiku ochepa. Akamalowa pang'onopang'ono amaononga chiwindi, nabweretsa khansa ya chiwindi munthu atakula.

Chiyambire pamenepo maiko a ku Ulaya anayamba kuika malire pa poizoni ameneyu. Lamulo la maiko a European Union likuti mtedza woti munthu adye usapitirire ma microgram 4 pa kilogalamu. Kuti mumve bwino: ndiye kuti magalamu 4, ngati supuni yaing'ono imodzi ya shuga, m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Ukapitirira pamenepo, katundu yense amabwezedwa pa doko.

Achikulire akumbukira masiku amene mtedza wa Chalimbana unali kunyamulidwa ndi Farmers Marketing Board, ndipo kuyambira 1971 ndi ADMARC, kupita ku masitolo a ku Ulaya. Msika umenewo unagwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zatilepheretsa kubwererako mwamphamvu ndicho chuku chomwechi. Lero wofuna kugulitsa mtedza kunja amasankha wabwino yekhayekha. Nanga wofota ndi wakuda uja, wotsala pa lichero, umapita kuti? Tonse tidziwa. Umasinjidwa nukhala nsinjiro, nulowa m'phala la mwana. Wabwino adye mwana wa ku London, wotsala adye mwana wa ku Domasi. Kodi pamenepa pali chilungamo?

Musayese kuti chuku ndi cha mtedza wokha. M'chaka cha 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anafa atadya chimanga chogwidwa ndi chuku, chimene chinasungidwa chisanaume bwino. M'mwezi wa Ogasiti 2024 Nduna ya Zaumoyo ya ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chotere, ndipo kuti atapima ufa wa m'zigayo zazikulu, pafupifupi theka la zimene anapimazo zinapezeka ndi poizoni wopitirira muyeso. Chaka chomwecho ndi chimene mvula inatithawa kuno, Boma nililengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Pamene mnansi wako apeza poizoni m'ufa wake, ndipo iwe uli kugula chakudya kwa anansi onse, kodi si nthawi yoti sikelo yako ikhale maso?

Tikumbukenso za poloni. M'zaka za 2017 ndi 2018 anthu oposa 1,000 anadwala ku South Africa ndipo oposa 200 anafa ndi nthenda ya listeriosis, ambiri mwa iwo makanda. M'mwezi wa Malichi 2018 Boma la kumeneko linalengeza kuti gwero lake ndi poloni wopangidwa pa fakitale ina ku Polokwane. Dziko la Malawi linaletsa pomwepo nyama zoterezi, ndipo linachita bwino. Koma tisaiwale kuti tinaletsa titamva kwa eni ake. Akadapanda kunena iwo, kodi tikadadziwa liti?

MANKHWALA NAONSO NDI ALENDO

Mankhwala ambiri amene timapopera m'madimba ndi kuthira m'chimanga amachokera kunja. Ngakhale tizirombo tina timene timalimbana nato ndi alendo. Nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi nkhokwe yomwe kwao ndi ku Central America. Anapezeka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nalowa kuno kudzera kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mbozi zodya chimanga pa mtima zinachokeranso ku America, zinafika mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 Boma linalengeza ngozi m'maboma 20. Mlendo aliyense wotere akafika, mlimi amathamangira mankhwala, ndipo ogulitsa mankhwala amachuluka pa msika ngati ngumbi.

Apa ndi pamene pali chinthu chowawa. M'chaka cha 2020 mabungwe awiri ofufuza nkhani, Public Eye la ku Switzerland ndi Unearthed la ku Britain, anaulula kuti mu 2018 maiko a European Union, Britain ali momwemo, anavomereza kutumiza kunja matani oposa 81,000 a mankhwala amene iwo eni anawaletsa m'minda mwao. Mankhwala opha udzu otchedwa paraquat analetsedwa kumeneko mu 2007, koma mu 2018 anali kupangidwabe ku Huddersfield, ku England, kuti agulitsidwe kwa ena. Mwa maiko amene analandira mankhwala oletsedwawo munali South Africa, kumene ife timagulako zipatso ndi zakudya zina. Munthu amene akana kudyetsa ana ake chinthu, nachigulitsa kwa ana a mnzake, kwathu kuno timamutcha dzina loipa.

Ndipo mankhwala akafika, sakhala m'botolo lake. Pitani pa tsiku la msika mukaone: timapepala tomangamanga, timabotolo ta zakumwa todzaza madzi oyera ngati mkaka, timibulu takuda ta tameki, mapiritsi ofukizira chimanga ogulitsidwa limodzilimodzi ngati maswiti. Palibe dzina, palibe muyeso, palibe tsiku lotha ntchito. Wogulitsa yekha ndiye dokotala, ndipo iyenso anangouzidwa. Maliro a tameki tawalira m'midzi yambiri ya dziko lino, sitifunika kuuzana. Mapiritsi ofukizira aja amatulutsa mpweya wakupha, ndipo ntchito yake ndi ya anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zosungiramo katundu, osati m'chipinda chogona ana.

Abale athu amene ali ku Johannesburg adzakuuzani zimene zinachitika ku Naledi, mu Soweto, m'mwezi wa Okutobala 2024. Ana 6 anafa atadya tizakudya togula pa kasitolo ka pafupi ndi kwao. Madokotala anapeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a m'minda ikuluikulu amene anali kugulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Boma la kumeneko linagwirizana zoletsa mankhwalawo mu 2025, ana ataikidwa kale m'manda. Kodi ifenso tidikire maliro otere kuti tidzuke?

MALAMULO TIRI NAO

Wina asanene kuti dziko lathu liribe malamulo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kupima katundu wolowa m'dziko. Lamulo la mankhwala ophera tizirombo, Pesticides Act, linaperekedwa m'chaka cha 2000, nilikhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene likulu lake analiika ku Bvumbwe. Lamulo limeneli lifuna kuti mankhwala alembedwe m'kaundula asanagulitsidwe, kuti woitanitsa ndi wogulitsa akhale ndi chilolezo, ndiponso kuti mankhwala akhale ndi malemba ofotokoza. Kunja nako kuli Codex Alimentarius, imene mabungwe a FAO ndi WHO anaiyamba mu 1963, yoika muyeso wa mankhwala amene angatsalire pa chakudya popanda kupweteka munthu. Kulinso pangano la ku Rotterdam la 1998, limene limapatsa dziko mphamvu yokana mankhwala ena oopsa asanatumizidwe.

Chotero pa pepala tiri otetezedwa. Koma pepala siliyenda lokha kufika ku Songani. Lamulo limene limagwira lole yaikulu pa chipata cha Mwanza, nilisiya kapepala ka tameki pa msika wa kumudzi, lateteza munthu wa m'tauni ndi kusiya mlimi pa mtetete. Ife tifuna lamulo lokhala ndi miyendo.

"WANJALA SASANKHA"

Tidziwa chimene ena anene, ndipo sitiwanyoza, pakuti njala tonse taigona. Adzati: inu a Nthambi mukulankhula chifukwa mwakhuta, wanjala sasankha, wopempha safunsa kumene chachokera. Tiyeni tiwayankhe ndi mbiri ya dziko lathu lomwe.

M'chaka cha 2002, njala itavuta kwambiri, kunabwera chimanga chathandizo chochokera ku America, cha mtundu wosinthidwa chibadwa ndi akatswiri. Dziko la Zambia linachikana. Dziko la Malawi linachilandira, koma linati chigayidwe kuti anthu asachibzale. M'mwezi wa Disembala 2023 Boma linaletsa chimanga chosagaya chochokera ku Kenya ndi ku Tanzania, poopa nthenda ya chimanga yotchedwa maize lethal necrosis, ndipo chimanga chathandizo chinayenera kudza chiri ufa. Kaya munthu anagwirizana nazo kapena ai, pa nthawi ziwiri zonsezi taona kuti dziko lanjala likhoza kuimirira ndi kunena kuti: tilandira, koma motere. Ngati tinatha kutero pofuna kuteteza munda, tilekerenji kutero pofuna kuteteza chiwindi cha mwana?

Ndiponso ganizirani bwino. Wanjala ndiye afunika sikelo koposa wokhuta. Wokhuta akakayika nsima amaisiya nagula buledi. Wanjala amadya chomwecho m'mawa ndi madzulo, mwezi wonse, iye ndi ana ake, thupi liri lofooka kale. Poizoni amene wolemera amulawa kamodzi, wosauka amamudya kosalekeza. Chotero mau akuti wanjala sasankha si chifukwa cholekera kupima. Ndicho chifukwa chenicheni chopimira.

KUTSEKA MALIRE SI YANKHO

Alipo enanso amene akamva izi adzathamangira kunena kuti titseke malire, tidye zathu zokha. Ifeyo sitinena zimenezo. Anthu a tsidya lija la nyanja ya Chilwa ndi abale athu, tinakwatirana nao, timalankhula nao Chiyao, Chilomwe ndi Chinyanja, ndipo chimanga chao chapulumutsa mabanja ambiri a boma la Zomba m'zaka zoipa. Amalonda a pa njinga si adani athu.

Tinaona mu 2025 chimene kutseka kumabala. M'mwezi wa Malichi Boma lathu linaletsa katundu wina wochokera kunja, monga ufa, mpunga ndi zipatso, pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja. M'mwezi wa Epulo dziko la Tanzania linabwezera poletsa katundu wathu. Zinthu za amalonda ang'onoang'ono zinaola pa malire a Songwe, mpaka maboma awiriwa anakambirana. Chiletso chotere chimayang'ana mbendera ya dziko kumene katundu wachokera. Sichiyang'ana m'kati mwa thumba. Chimanga chabwino cha ku Tanzania chimatsekeredwa kunja, chimanga choola cha kwathu nichigulitsidwa momasuka. Ife tikuti chipata chikhale chotseguka, koma pa chipatapo pakhale munthu wopima.

ZIMENE TIPEMPHA BOMA

Nthambi ino iyenera kupereka mfundo izi kwa khansala wathu, kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndi kwa mafumu athu a m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia.

Choyamba, pa zipata zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe monga Chiponde, Nayuchi ndi Muloza, pakhale opima okhala ndi zipangizo zopimira chuku ndi chinyezi cha chimanga pomwepo. Ndipo popeza chimanga cha pa njinga sichidzera pa chipata, opimawo afikenso pa misika ya Songani, Domasi ndi Chinamwali m'miyezi ya njala, osati kudzalanda katundu wa amphawi, koma kudzatenga kambale kamodzi kuti akapime.

Chachiwiri, zotsatira za kupimako zilengezedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chimene chapezeka m'labotale nichitsekeredwa m'kabati ku Blantyre sichinathandize munthu.

Chachitatu, botolo lirilonse la mankhwala ndi paketi iriyonse ya mbewu yopaka mankhwala, kufikira kapaketi kakang'ono kamene mlimi wosauka angathe kugula, zikhale ndi chenjezo m'chinenero chimene mlimi awerenga, m'zilembo zooneka. Ogulitsa amathira mankhwala m'timapepala chifukwa botolo lathunthu ndi lodula. Tsono opanga auzidwe kuti apange timapaketi tating'ono tolembedwa bwino.

Chachinai, mankhwala amene aletsedwa m'dziko limene apangidwa, chifukwa choopsa pa moyo wa anthu, asaloledwe kulowa muno.

Chachisanu, chimanga chirichonse chimene Boma ligula kunja, kapena chimene mabungwe agawa, chikhale ndi kalata yosonyeza kuti chapimidwa chuku ndi mankhwala otsalira, ndipo mfumu kapena komiti ya m'mudzi ikhale ndi ufulu wofunsa kalatayo popanda kuopsezedwa kuti mudzi wao uchotsedwa m'kaundula.

Chachisanu ndi chimodzi, katundu amene walephera muyeso aonongedwe poyera, anthu akuona, kuti asatulukire khomo lakumbuyo ndi kubwereranso pa msika ndi mtengo wotsika.

ZIMENE TICHITE IFE ENI

Koma munthu wofuna sikelo yolungama ayambe waimapo yekha. Sitingadzudzule alendo pamene ife eni tikupopera matimati lero ndi kuwatengera ku msika mawa, kapena kuwawaza mankhwala atathyoledwa kale kuti achedwe kuola pa benchi. Amene adzagule ndi mlamu wanu, ndi mphunzitsi wa mwana wanu, ndi wodwala wa m'chipatala cha Zomba. Mankhwala alionse ali ndi masiku ake odikira musanakolole. Funsani alangizi a zaulimi, ndipo musungeni masikuwo ngakhale mtengo utakwera pa msika.

Mbewu yopaka utoto isadyedwe, isapatsidwe nkhuku, isapite ku chigayo, ngakhale mutaitsuka kasanu. Ikatsala, ibzaleni kudimba kapena ipatseni mnzanu abzale. Eni zigayo amene ali mamembala athu akane kugaya chimanga chotere.

Pogula chimanga pa msika, inu amayi, musachite manyazi. Tapani m'manja, nunkhizani, lumani njere. Chikakhala chonunkha chinyontho, chofewa, chamawanga obiriwira kapena akuda, kapena chonunkha mankhwala kwambiri, chisiyeni ngakhale ndowa yake itatsika mtengo. Funsani wogulitsa kuti anathira chiani ndipo anathira liti. Mukafika nacho kunyumba, petani, sankhani njere zoola ndi kuzitaya, osati kuziphikira mowa kapena kupatsa ziweto. Kusankha sikuchotsa poizoni yense, koma kumamchepetsa. Chimodzimodzinso mtedza: wofota ndi wowawa uja usalowe m'nsinjiro za mwana. Ndipo chizolowezi chowaza mtedza madzi kuti usendeke msanga kapena ulemere pa sikelo chitheretu, pakuti chinyezi ndicho mai wake wa chuku.

Chimanga chathu chiume bwino chisanalowe m'thumba, chiyanikidwe pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Amene angathe agule matumba osalowa mpweya aja a PICS, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Amene athira fumbi la akiteliki agule m'sitolo yokhala ndi chilolezo, m'botolo lake lomata, ndipo athire monga mwa malemba, osati kuonjeza poganiza kuti kuchuluka ndiko kulimba.

Mankhwala asasungidwe pamodzi ndi ufa, kapena m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire. Botolo lotha lisasanduke la mchere kapena la mafuta. Pampu yopopera isatsukidwe mu mtsinje wa Naisi kapena wa Domasi, pakuti madzi amenewo akumwa anzathu a kumunsi, ndipo mathero ake ndi nyanja ya Chilwa kumene kumachokera matemba amene ife tomwe timadyera nsima. Ndipo munthu akamwa kapena kudya mankhwala, musataye nthawi ndi kumpatsa mkaka kapena kumsanzitsa. Thamangani naye ku chipatala, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti a dokotala adziwe chimene akulimbana nacho.

Inu achinyamata amene munapita ku sukulu, ntchito yanu ndi iyi: muwerengereni agogo anu malemba a pa botolo, muwamasulire m'Chichewa kapena m'Chiyao, kufikira tsiku limene opanga adzakakamizidwa kulemba okha.

Abale ndi alongo, nkhani iyi tidzaikamba pa msonkhano wa Nthambi ukudzawu, ndipo a Mlembi adzalemba mfundo zimene tidzagwirizane kuti zipite kwa oyenera. Membala aliyense abwere ataona pa msika wa kwao mankhwala angati akugulitsidwa opanda malemba. Musatchule maina a anthu, pakuti sitikufuna kumangitsa amphawi anzathu. Tifuna chiwerengero choti tikaonetse akuluakulu. Amayi abwere ambiri, chifukwa ndiwo amene amagula, kupeta ndi kuphika, ndipo ndiwo amene amachezera usiku mwana akadwala.

Makolo athu anati safunsa anadya phula. Kufunsa kumene chakudya chachokera ndi chimene athiramo si mwano, ndipo si kusayamika. Anzathu a ku Ulaya amafunsa za mtedza wathu, ndipo palibe amene amawatcha amwano. Nafenso tifunse.

Ine wanu pa ntchito ya Nthambi,

MKONZI